Mwana wanga akulira kuti amuika ku doubles, alipo wa kuno amene anapita nayo patali?

Make_Tadala:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12, tenisi wayamba chaka chatha kusukulu kwawo, ndiye dzulo wabwera maso ali psuu akuti kochi wamuchotsa ku singles, zosewera mmodzimmodzi, wamuika ku doubles, zosewera awiriawiri zija. Iyeyo akuti doubles ndi ya anthu olephera, anzake akumuseka. Ine tenisi sindiidziwa, changa ndi kulipira transipoti ndi kugula nsapato basi. Ndinayesa kumutchulira Serena Williams, katswiri wa tenisi uja, akuti amayi Serena ndi wa ku America komanso ndi chimunthu champhamvu, ine ndine kafupi. Kodi alipo mzimayi wa ku Africa konkuno amene anatchukapo ndi doubles yomweyo woti ndimuonetse? Sindikufuna zomunamiza mwana.

Kabaza265:
Mumugulire mpira wa netball mayi, nkhani ithe. Tenisi ku Malawi kuno ndi ya ana a mabwana kkkk

MwanaWaMbare:
Cara Black. Mulembereni dzina limeneli papepala akalifufuze yekha. Wa ku Zimbabwe kuno, anabadwira mu Harare momwe muno mu 1979 dzina likadali Salisbury. Anakhala nambala 1 pa dziko lonse lapansi pa doubles kwa masabata 163. Masabata, osati masiku. Kuwerengera bwino zimenezo ndi zaka zitatu ndi kanthu.

Make_Tadala:
Nambala 1 dziko lonse? Wa ku Zimbabwe? Nanga bwanji sitinamumvepo ife

MwanaWaMbare:
Chifukwa chake nchomwecho chikumuliritsa mwana wanucho. Ya awiriawiri anthu amaiyesa masanje. Pa TV amaionetsa anthu atapita kokagona.

Gogo_wa_Neti:
Ndilowepo pang'ono, ine ndaphunzitsako ana tenisi zaka zambiri ndithu mpaka mawondo anandikana. Make Tadala, mbiri ya mtsikana ameneyu ili chonchi. Bambo ake, a Don Black, anasewerako ku Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku England, m'zaka za m'ma 1950, ndipo kawiri konse anafika raundi yachitatu. Atasiya anakonza mabwalo a udzu pakhomo pawo pomwepo, pamunda wa mapeyala ku Harare, nkumaphunzitsa ana awo atatu, Byron, Wayne ndi chitsirizira Cara. Onse atatu anadzakhala akatswiri. Byron anawina French Open ya doubles mu 1994, Wayne anawina US Open 2001 ndi Australian Open 2005 ali ndi mnzake wa ku Zimbabwe komweko Kevin Ullyett. Koma amene anawaposa onse ndi mlongo wawo wamng'onoyo.

Ndipo china chimene mukamuuze Tadala nchakuti Cara sanapite ku doubles chifukwa singles inamukanika ayi. Mu 1997 anawina Wimbledon ya atsikana achisodzera pa singles, nkuwinanso US Open ya achisodzera chaka chomwecho. Atalowa kwa akuluakulu anakwera mpaka nambala 31 pa dziko lonse mu 1999, ndipo mu 2002 anatenga chikho cha singles ku Hawaii. Munthu wa nambala 31 pa akazi onse osewera tenisi padziko mungamutche wolephera? Kungoti anaona pamene pali mphamvu zake. Msinkhu wake ndi wa pakatikati, cha m'ma 1.67 mita, pamene nthawi imeneyo kunabwera zimphona zomenya mpira ngati zikuswa nkhuni, a Davenport, a Venus ndi a Serena. Iye chake chinali manja ofulumira pa neti. Ku doubles zimenezo ndiye ndalama.

Chiphaliwali:
Agogo mwalongosola bwino koma tisanamizane. Nambala 31 ndi nambala 31. Akanakhala kuti amatha kuwina Wimbledon yekha sakanafuna womuthandiza. Doubles ndi kothawira.

Gogo_wa_Neti:
Mwana wanga, unayamba waimapo pa neti munthu akumenya mpira molunjika pamphuno pako ali mamita asanu okha? Ukadzaimapo udzabwere tidzacheze.

Chiphaliwali:
Kkkk sindinaimepo agogo koma maso ndili nawo. Onani ndalama. Wimbledon ya 2024 wowina singles analandira mapaundi 2.7 miliyoni yekha, owina doubles 650,000 yogawana awiri. Eni ake a masewerawo akukuuzani okha kuti chofunika nchiti.

AnaPhiri_Leeds:
Ndalama zikuonetsa chimene ma TV amagula, sizikuonetsa kuvuta kwa masewera. Kuno nesi amalandira zochepa kuposa mnyamata wojambula mavidiyo a nthabwala, ndiye tinene kuti unesi ndi wophweka? Komanso Make Tadala, Serena amene mwana wanu akumutamayo anawina ma Grand Slam (zikho zikuluzikulu za tenisi) 14 a doubles ndi mkulu wake Venus. Iye sanaione ngati ya olephera.

Wa_ku_Chipata:
Pepani kulowelela, mapeyala ndiye cani? Ndaganiza kuti ni ma pear aja a mu shopu

MwanaWaMbare:
Avocado amwene

Wa_ku_Chipata:
Oooh kotapela! Imwe a Malawi na maina anu

Kabaza265:
Kotapela ndiye chani, zikumveka ngati dzina la mankhwala a chifuwa kkkk

Make_Tadala:
Abale tisapite ku mapeyala, ine ndikulemba zimenezi mukope. Agogo pitirizani, anawina chani kwenikweni?

Gogo_wa_Neti:
Lembani. Zikho zikuluzikulu pa tenisi zilipo zinayi pachaka, Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open, ndi zimene amati Grand Slam. Cara ali nazo 10. Zisanu za akazi awiriawiri, Wimbledon 2004 ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, kenako ndi Liezel Huber anatenga Wimbledon 2005, Australian Open 2007, Wimbledon 2007 ndi US Open 2008. Zisanu zinazo ndi za mixed, mwamuna ndi mkazi mbali imodzi. French Open 2002 ndi Wimbledon 2004 anawina ndi mchimwene wake Wayne, ndiye US Open 2008, Australian Open 2010 ndi Wimbledon 2010 anawina ndi Leander Paes wa ku India. Mukaona bwino pa mixed anazitenga zonse zinayi, palibe chinamuthawa. Pa za akazi French Open yokha ndi imene inamukana, anafika fainolo mu 2005 nkuluza. Zikho zonse za doubles pa WTA, bungwe loyendetsa mipikisano ya akatswiri aakazi, zinakwana 60.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi 2004. Pa Wimbledon imodzi yomweyo anatenga zikho ziwiri, cha akazi ndi cha mixed. Ndipo mu fainolo ya akaziyo mmodzi mwa amene anawagonjetsa anali Huber yemweyo, chaka chotsatira nkukhala mnzake wosewera naye mbali imodzi.

MwanaWaMbare:
Fainolo ya mixed ya 2004 ija ndimaikumbuka ngati dzulo. Tinaonera kwa aneba, nyumba yonse yodzaza, ambiri oti malamulo a tenisi sakuwadziwa nkomwe, amangofunsa kuti ndiye tikuwina kapena tikuluza. Amasewera ndi Todd Woodbridge ndi Alicia Molik a ku Australia. Seti yoyamba inapita, yachiwiri inafika pa tie-break, kagawo kolekanitsa akafanana mphamvu, anthu aja anatsala ndi pointi imodzi yokha kuti atenge chikho, osati kamodzi, kangapo konse, koma ana a Black osagwa. Anabweza nkuwina seti yachitatu. Malume anga amene anali asanagwirepo raketi moyo wawo wonse anavina mpaka kugwetsa tebulo la mbale. Nthawi imeneyo zinthu ku Zimbabwe zinali zitayamba kuthina kale, mizere ya mafuta, mitengo kukwera tsiku ndi tsiku, ndiye kuona mbendera yathu pa TV pa nkhani yabwino chinali chinthu china chake.

Nyasa_Joni:
Ine ndinene zimene ena mukuopa kunena. Mukumuuza mwana wa ku Area 25 kapena ku Ndirande kuti atengere chitsanzo mzungu amene anakulira pa famu, bwalo la udzu lili kuseri kwa khitchini, bambo ake kochi, achimwene ake anakaphunzira ku yunivesite ku California. Zikufanana pati ndi Tadala? Ndi wa ku Africa inde pa pasipoti, koma Africa yake si yathuyi.

AnaPhiri_Leeds:
Apa pali zoona pang'ono, sindikana.

MwanaWaMbare:
A Nyasa_Joni, nkhani imeneyo musandiphunzitse ine. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza wapansi kubwera ku Salisbury, anagwira ntchito ya m'garden m'mayadi a azungu zaka zoposa makumi awiri. Pa yadi ina panali bwalo la tenisi, ntchito yawo inali kuthirira, kukoka chiroller chachitsulo chija m'mamawa ndi kujambula mizere ndi laimu. Sanaloledwe kumenyapo mpira ngakhale tsiku limodzi. Amatiuza kuti mipira yotha ankawapatsa kuti akapatse ana, ife bambo athu anakulira kusewera mpira wamiyendo ndi timipira ta tenisi. Ndiye ndikudziwa bwino lomwe kuti bwalo linali la ndani ndipo amakoka roller anali ndani.

Koma pali chinthu chimodzi. Anthu ambiri a mtundu wawo atapeza mpata anasintha mbendera. Huber yemweyo anabadwira ku Durban koma mu 2007 anatenga unzika wa America nkumasewerera America. Cara anasewera ndi ZIM pambali pa dzina lake mpaka kupuma, zaka zimene dziko lathu limatchulidwa pa nyuzi ndi zoipa zokhazokha. Ku Olympics anapita katatu, 2000, 2004 ndi 2008, ndi mbendera yomweyo. Achimwene ake mu 1998 anakagwetsa Australia kwawo komweko pa Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, ku Mildura, anthu ku Mbare anasangalala osafunsa khungu. Kwa ine zimenezo zimawerengedwa.

Nyasa_Joni:
Sindinati ndi munthu woipa. Ndati njira yake mwana wathu sangaidutse. Raketi yabwino kuno ku Joburg ndi ndalama ya lendi, nanga ku Lilongwe?

Mphunzitsi_wa_PE:
Pa zodula ndikugwirizana nanu. Ine pasukulu ina imene ndinaphunzitsako tinalandira maraketi 12 ndi neti kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, ana anasangalala, tinajambula bwalo pa simenti ya asembule. Patatha teremu imodzi zingwe zinayamba kuduka, woluka palibe, mipira inatha ubweya yonse kukhala ngati mazira. Ndinapempha kandalama kochepa ka mipira ku ofesi anandiyankha kuti bajeti ya masewera ndi ya mpira wamiyendo ndi netball basi. Lero neti ija ayanikirapo chimanga. Ndiye vuto si luso la ana ayi, ndinali ndi kamtsikana kena kamanzere koti mpira kamauona msanga kuposa ine.

Kabaza265:
Mwaona? Ndinanena ine. Netball. Mwawi Kumwenda anafika ku Australia opanda raketi. A Chawinga awo akugoletsa ku France ndi ku America, anayambira mpira wachikulunga.

Nachisale_BT:
A Kabaza inu mwana aliyense akhale wa netball basi? Ena manja awo ndi a zina. Musiyeni mwana asewere chimene wakonda.

Gogo_wa_Neti:
A Nyasa_Joni akunena zoona kuti Cara anabadwira pabwino, zimenezo palibe angatsutse. Koma mabanja a mabwalo kuseri kwa nyumba analipo ambirimbiri ku Harare, ku Bulawayo, ku Johannesburg, ena mabwalo awiri ndi dziwe losambira pamwamba. Anatulutsa ma nambala 1 angati? Bwalo palokha silimenya mpira. Make Tadala, kalowetseni pa YouTube mawu akuti Cara Black volley wall. Muona mzimayi ataima pafupi kwambiri ndi khoma akumenya mpira osaulola kugwa pansi, kumanja kumanzere kumanja kumanzere, liwiro lake maso amachita kutopa. Chimenecho sichifuna udzu wa ku Wimbledon. Chimafuna khoma, mpira umodzi ndi munthu wosatopa. Khoma ku Area 25 lilipo.

Ndipo ndikuuzeni chifukwa chimene kochi angamuikire mwana ku doubles, poti mwina mwanayo akuganiza kuti ndi chilango. Bwalo la singles m'lifupi ndi mamita 8.23, la doubles ndi 10.97, timinjira tam'mbali tija timawerengedwa. Ndiye anthu awiri kutseka malo amenewo mpofunika kumvana. Mmodzi akamaseva mnzake amakhala pa neti, amapatsana zizindikiro ndi zala kumbuyo kuti ndidumphira uku kapena ndikhala pompano. Mwana amaphunzira volley, kumenya mpira usanagwe pansi, amaphunzira kubweza sevu molunjika pamalo ochepa, amaphunzira kulankhula ndi mnzake akalakwitsa m'malo motaya raketi. Ine ana amene ndimawaona kuti ali ndi maso akuthwa ndi manja ofewa ndi amene ndimayamba kuwaika kumeneko. Opanda nzeru za mpira ku doubles amaonekera msanga kuposa ku singles.

Chiphaliwali:
Chabwino nanga ngati kumvana kuli kofunika chonchi bwanji anasiyana ndi Huber? Si ankawina?

AnaPhiri_Leeds:
Anasiyana mu 2010 atasewera limodzi zaka zingapo, atatenga ma Grand Slam anayi ndi chikho chotsekera chaka cha WTA kawiri, 2007 ndi 2008. Ku doubles kusiyana nkwachizolowezi, kuli ngati bizinesi ya anthu awiri, mumayenda limodzi chaka chonse, hotela imodzi, ndege imodzi, wina akadwala nonse mwaluza. Zaka zisanu ndi zambiri.

Koma ine gawo limene ndimalikonda ndi lakumapeto, ndipo Make Tadala ili ndi lanu inuyo osati la mwana. Cara anakwatiwa ndi munthu wa ku Australia, anabereka mwana mu 2012, anthu nkumati basi zake zatha. Anabwerera. Mu 2013 anagwirizana ndi Sania Mirza wa ku India nkuwina Tokyo ndi Beijing motsatizana, kenako mu 2014 ku Singapore anatenga chikho chotsekera chaka, fainolo anawina 6-1 6-0 ndi Hsieh Su-wei ndi Peng Shuai, anthu oti chaka chomwecho anali atawina French Open. Anali ndi zaka 35, mwana ali kumbali. Ine nditabereka wachiwiri kukwera masitepe a basi kumandivuta kkkk

Nachisale_BT:
6-1 6-0 mu fainolo? Ameneyo sanabwere kudzacheza

Chiphaliwali:
Olo mutero, Hall of Fame ya tenisi, kumene amalemekezako akatswiri opuma, mu 2024 inalowetsa Paes, Cara anali pa mndandanda womwewo wa ofuna kuvoteredwa koma sanadutse. Ndiye si ine ndekha amene ndikuona choncho.

MwanaWaMbare:
Apa ndiye mwandikhudza pachilonda. Paes ndi katswiri, sindikumuchotsera, koma zikho zitatu mwa zikho zake za mixed anawina ali ndi ndani? Pa akazi onse amene anakhalapo nambala 1 pa doubles, ndi ochepa kwambiri amene anakhalitsapo kuposa Cara, a Navratilova ndi masabata 237, Huber 199. India ili ndi anthu opitirira biliyoni ndi manyuzipepala ochita phokoso. Ife tili ndi ndani wotichitira phokoso? Ngakhale kuno kwathu mukafunsa ana a sukulu lero amudziwa Kirsty Coventry chifukwa cha mendulo zosambira ndi upulezidenti wa IOC, bungwe loyendetsa Olympics, koma Cara ambiri ayamba akanda mutu.

Nyasa_Joni:
Apa pokha ndagwirizana nanu. Akanakhala wa ku America bwenzi pali filimu.

Mphunzitsi_wa_PE:
Ndipo doubles akuipha dala eni akewo. US Open ya 2025 mixed anaisuntha kuiseweretsa sabata yoyambirira mpikisano weniweni usanayambe, matimu 16 okha, ambiri odziwika a singles kuti matikiti agulidwe. Mukudziwa anawina ndani? Errani ndi Vavassori a ku Italy, akatswiri a doubles enieni, kugonjetsa Swiatek ndi Ruud mu fainolo. A Chiphaliwali mutiuze, ngati ili yothawirako bwanji ma star anuwo anakanika?

Chiphaliwali:
Anali asanazolowerane basi

Gogo_wa_Neti:
Eyaa. Ndiye kuzolowerana komweko ndi luso limene tikunenali mwana wanga.

Kabaza265:
Agogo amugwira pakhosi kkkkk

Nachisale_BT:
Make Tadala ngati mwana akufuna woti akufanana naye khungu ndi makulidwe muonetseninso Angella Okutoyi wa ku Kenya, analeredwa ndi agogo ake aakazi movutikira ku Nairobi, mu 2022 anawina Wimbledon ya atsikana achisodzera. Ya chani? Doubles yomweyo. Ndipo za kufupika asadandaule, Amanda Coetzer wa ku South Africa anali 1.58 mita koma anafika nambala 3 pa singles mu 1997, ankagwetsa Steffi Graf.

Wa_ku_Chipata:
Na Ons Jabeur wa ku Tunisia musamuiwale, fainolo ya Wimbledon kawili

Nyasa_Joni:
Okutoyi ndiye chitsanzo chimene ndimafuna ine. Mukanayamba ndi ameneyo sindikanalankhula.

MwanaWaMbare:
Muonetseni onse awiri, sakulimbana.

Make_Tadala:
Ndabweranso abale. Ndinamuonetsa vidiyo ya khoma ija usiku, anaionera kasanu osalankhula, kenako akuti amayi ameneyu ndi edit. Ndinamuwerengera zikho zija kuchokera mukope, pa Wimbledon ndinatchula molakwika anandiseka. Sananene kuti wasiya kudandaula ayi, akuti akufunabe kubwerera ku singles teremu ya mawa, koma lero 5 koloko m'mawa ndadzidzimuka ndi phokoso kuseri, thu thu thu, ndimayesa akuba. Ndi iyeyo ndi khoma la bafa. Wafika 9 osagwetsa, akuti mawa 15.

Vuto tsopano ndi alandilodi, khoma limenelo mbali inayo ndi chipinda chawo chogona ndipo anditumizira kale meseji. Alipo akudziwa kumene ndingapeze mipira yotsika mtengo mu Lilongwe, olo yogwiritsidwa kale ntchito? Umodzi wagwera kale kwa aneba a galu.

Gogo_wa_Neti:
Kafunseni kumakalabu kumene kuli mabwalo, osewera akuluakulu amataya mipira ikangofewa pang'ono, ya khoma imeneyo ndi yabwinobwino. Ndipo mumuuze aime pafupi, masitepe awiri kuchoka pakhoma, raketi kutsogolo, asamaikokere kumbuyo. Dzanja likawawa apume. Za alandilodi ndilibe nazo mankhwala.

Kabaza265:
Apatseni mapeyala